Kukaona mabwinja a m'midzi ya Zomba ndi banja: zoyenera kutsata

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikutenga ana ndi zidzukulu zanga kukaona nyumba zakale zosiyidwa za m'midzi yozungulira Zomba, ndipo nthawi iliyonse anzanga akaona zithunzi amafunsa funso limodzimodzi: kumeneko n'kuti, nanga ifenso tingakafikeko bwanji ndi ana athu? Ndayankha kutchalitchi, ndayankha pamzere wa kubanki, mpaka ndaona kuti n'kwabwino ndilembe kamodzi. Mayina a midzi imene ndimapitako sinditchula, chifukwa eni ake anandilola ine ndi banja langa, sananditume kukaitana khamu. Chimene ndikupatseni ndi njira yoti mupezere malo anuanu ndi kukafikako mwaulemu.

Bwinja ndi malo amene panali mudzi kapena nyumba koma anthu anasamukapo. Anthu a m'tauni akamva mawu amenewa amaganiza za malo otayidwa amene aliyense angalowepo, ndipo cholakwa chachikulu chimayambira pomwepo. Anthu amasamuka, koma manda a makolo awo, mitengo ya mango imene anabzala ndi umwini wa nthakayo zimatsala pomwepo, ndipo pali munthu amene akudziwa malire ake onse ngakhale inu mukungoonapo thengo.

1. Sankhani mtundu wa bwinja limene mukufuna kukaona.

Popeza Zomba linali likulu la dziko lino kuyambira 1891 mpaka 1975, azungu ambiri anatsegula minda ikuluikulu m'madera oyandikana nalo, makamaka mbali ya Thondwe ndi Namadzi. Zotsala za maesiteti amenewa ndizo zimapezeka kwambiri: nyumba za khonde lalikulu zimene denga linagwa, machumuni oima okha, ndi mabalani a fodya. Balani ndi nyumba yaitali kupita m'mwamba, yopanda mawindo, yokhala ndi una wosonkhezerapo moto pansi pake, momwe ankaumitsiramo fodya wopachikidwa pa mikangala. Musaisokoneze ndi chigafa, chimene ndi chisakasa choumitsiramo fodya ndi mphepo chabe. Mtundu wachiwiri ndi masitolo a amwenye m'misika ya kumidzi, amene anasiyidwa m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Dr Banda linalamula amalonda amenewa kuti asamukire m'mizinda. Mudzawazindikira ndi khonde lazipilala pamene atelala ankasokera, ndi chipinda chogona kumbuyo kwa sitolo. Palinso madipi a ng'ombe, tisukulu ndi timatchalitchi ta mishoni, ndi mabwinja enieni a midzi pamene sipanatsale khoma koma mapale, mphero ndi dzala.

Ngati ndi ulendo wanu woyamba, yambirani malo odziwika amene anthu ake anazolowera alendo. Magomero, pafupi ndi Namadzi, ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie anakhazikitsa mishoni mu 1861 atafika ndi David Livingstone, ndipo mishoniyo inasamukapo chaka chotsatira. Patapita zaka, dera lomwelo linakhala esiteti ya A. L. Bruce, kumene manijala wake, William Jervis Livingstone, anaphedwa pa kuukira kwa John Chilembwe usiku wa pa 23 January 1915. Mukapitirira m'kati mwa boma la Chiradzulu mudzafika ku Mbombwe, kumene tchalitchi cha John Chilembwe chinagwetsedwa ndi asilikali a boma la atsamunda chaka chomwecho. Ana amene anaphunzira nkhani imeneyi kusukulu amaimva mwa mtundu wina akaima pamalo pake.

2. Sankhani nyengo ndi tsiku.

M'dzinja musapite. Kuyambira December mpaka April udzu umabisa maenje, misewu ya fumbi imaterera, ndipo khoma la njerwa zomanga ndi dothi likamwa madzi limagwa popanda wolikhudza. Makoma ambiri amene anaima zaka zambirimbiri anafooka ndi namondwe wa Freddy mu March 2023, choncho munthu akakuuzani kuti khomalo lakhala chiimire kuyambira nthawi ya atsamunda, musatenge mawu amenewo ngati chitsimikizo. Nthawi yabwino ndi July mpaka September, udzu utauma ndipo malo ambiri atapsa, kutentha kwa October kusanafike. Vuto la miyezi imeneyi ndi chitedze ndi moto wa osaka mbewa, ndipo utsi mukauona mbali imene kukuchokera mphepo, chokanipo osadikira.

Tsiku nalonso lili ndi nkhani yake. M'madera a Domasi, Songani ndi Malosa, kumene kuli Asilamu ambiri, Lachisanu masana anthu amakhala kumzikiti. Lamulungu m'mawa amfumu ambiri amakhala kutchalitchi. Loweruka ndilo limakhala bwino, pokhapokha ngati mudziwo ndi wa anthu opemphera pa Sabata.

3. Kaonekereni kwa amfumu ndi kwa mwini malo, ana musanawatenge.

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadumpha chifukwa amaona ngati n'kutaya nthawi. Inenso ndinadumpha ulendo wanga woyamba. Tinaona balani patali ndi msewu, ndinaimika galimoto pansi pa mtengo, ndipo tinalowa m'munda wa nandolo ndi ana atatu, wamkulu atanyamula foni akujambula. Sipanathe mphindi makumi awiri, potuluka m'balanimo tinapeza abambo asanu ndi mmodzi ataima chete, awiri atagwira zikwanje, ndipo kumbuyo kwawo amayi anali akusonkhana. Wamkulu wawo sanakalipe, anangofunsa kuti, "Bambo, mwatumidwa ndi ndani?" Yankho lakuti tikungoona malo linawonjezera chikayiko, chifukwa kwa iwo palibe munthu amene angawotche mafuta kuchoka m'tauni kudzangoona njerwa. Tinathera masana onse pabwalo la amfumu, ana akulira, ndipo ndinalipira chindapusa cha nkhuku ziwiri. Sindinadandaule, chifukwa wolakwa ndinali ine.

Muyenera kumvetsa zimene anthu akumudzi amaganiza akaona mlendo pabwinja. Choyamba ndi malo: munthu wa galimoto amene akuyendayenda ndi kujambula amaoneka ngati wadzayeza malo kuti agule, ndipo ambiri mwa mabwinja a maesiteti ali pa nthaka imene anthu akhala akulimbirana kuyambira nthawi ya thangata. Chachiwiri ndi anthu ofukula, amene amakhulupirira kuti azungu anakwirira ndalama kapena miyala yamtengo pansi pa nyumba zawo, ndipo aswa pansi pa nyumba zambiri usiku. Chachitatu n'choopsa kwambiri. M'chigawo chino mwachitika milandu yofukula manda a anthu achialubino, ndipo mu 2017 mphekesera za anamapopa zimene zinayambira ku Mulanje zinaphetsa anthu osalakwa amene tchimo lawo linali kungokhala achilendo pamalo. Mphekesera zotere zikayamba kumveka, ulendo wanu uimitseni kaye, ngakhale mutakhala ndi chilolezo kale.

Njira yake ndi iyi. Pezani kaye munthu wokulowetsani m'mudzimo, amene anthu amamudziwa: mphunzitsi wa pasukulu yapafupi, mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi, mkulu wa mpingo, shehe, kapena mnzanu wa kuntchito amene kwawo ndi komweko. Pitani naye sabata imodzi ulendo wa banja usanafike, inu nokha kapena ndi mnzanu wa m'banja. Musalunjike kwa T/A kapena kwa gulupu poganiza kuti mukatenga chilolezo chapamwamba zonse zatheka. Yambirani kwa mfumu ya mudzi umene muli bwinjalo, ndipo iyo ikaona kuti nkhaniyo ndi yofunika kupita kwa gulupu, idzakuuzani yokha. M'midzi yambiri simulankhula ndi amfumu mwachindunji poyamba, koma mumadzera kwa nduna kapena nyakwawa yawo, imene imakafotokoza za kubwera kwanu.

Mukafika pakhomo, odirani muli chapatali, vulani chipewa, ndipo mukapatsidwa mpando kapena mphasa khalani pansi musanayambe kulankhula. Amayi avale chitenje. Malonje asathamangitsidwe, mulole akufunseni za kumene mwachokera ndi za amene mwawasiya kunyumba. Ikafika nthawi yanu, nenani dzina lanu, kwanu kwenikweni ndi mfumu ya kwanuko, ntchito imene mumagwira, ndipo kenako fotokozani cholinga m'mawu osazungulira, monga akuti, "Amfumu, ine ndili ndi ana amene akukulira m'tauni, ndipo ndimafuna adzaone nyumba yakale ija ndi kumva mbiri yake kwa akuluakulu a kuno. Sindikufuna malo, sindidzakumba, sindidzatenga kanthu." Mawu atatu omalizawo anenedwe ndithu, chifukwa ndi amene aliyense pabwalopo akudikira kumva. Tchulani tsiku, chiwerengero cha anthu amene mudzabwere nawo, ndipo pemphani padera chilolezo chojambula zithunzi.

Musapite chimanjamanja. Paketi ya shuga, mchere, sopo kapena kangachepe m'envulopu n'zokwanira, ndipo muzipereke kudzera kwa nduna, osati kuzitulutsa m'thumba pamaso pa anthu ngati mukulipira pa geti. Cholakwa chimene ndachiona kwa anzanga ena ndi kupereka ndalama zambiri pofuna kuoneka aulemu. Zotsatira zake n'zakuti anthu amayamba kuganiza kuti pabwinjapo pali chinthu chamtengo chimene inu mukuchidziwa.

Chilolezo cha amfumu si mapeto. Funsani kuti pamalopo amalima ndani, ndipo mukaonane ndi mwini mbumba wa banja limenelo, chifukwa kuno kwathu munda umayendera kuchikazi ndipo amfumu sangakulowetseni m'munda wa mbumba ya eni popanda iwo kudziwa. Ngati bwinjalo lili mu esiteti imene ikugwirabe ntchito, pa malo a mpingo kapena a boma, chilolezo chimachokera kwa manijala, abusa kapena woyang'anira malowo, osati kwa mlonda wa pa geti, ngakhale mlondayo atavomera ndi mtima wonse. Pomaliza, pemphani amfumu akupatseni munthu wokuperekezani pa tsikulo, makamaka wachikulire amene anaona nyumbayo ili ndi denga, ndipo mugwirizane za cholowa chake lisanafike tsikulo. Akakukanizani, thokozani ndi kubwerera, osakazembera njira ina.

4. Konzani zovala ndi katundu.

Aliyense avale nsapato zotseka, buluku lalitali ndi malaya a manja aatali. Masilipasi ndi amene amabweretsa misozi yambiri pa maulendo otere. Tengani madzi akumwa okwanira ndi chigubu china cha malita asanu chosambira, tochi, ndodo yaitali, bandeji, mankhwala otsukira bala, kope ndi pensulo za ana, ndi thumba lotayamo zinyalala. Chakudya chikhale chochulukirapo kuposa cha banja lanu, chifukwa simudzadya nokha wokuperekezani ndi ana a m'mudzi akuyang'ana. Uzani munthu mmodzi m'tauni kumene mwapita ndi nthawi imene mukuyembekezera kubwerera, popeza netiweki kuseri kwa phiri, mbali ya Chingale, imadukaduka. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi bwino atsale kunyumba.

5. Mukafika, munthu wamkulu azungulire malo onse ana ali chikhalire pamthunzi.

Poyandikira mudzi mukaona masamba atayalidwa pamsewu, ndiye kuti pali maliro; chepetsani liwiro, kapepeseni, ndipo ulendo wa kubwinja muusinthire tsiku lina. Ngati zonse zili bwino, kaperekeni moni kwa amfumu, siyani galimoto pamene akuuzani, ndipo muyende wapansi kumbuyo kwa wokuperekezani.

Pozungulira, yang'anani pansi kaye musanayang'ane m'mwamba. Nyumba za maesiteti zinkakhala ndi chitsime, thanki ya madzi yokumba pansi ndi zimbudzi zakuya, ndipo zambiri mwa izi zinavundikiridwa ndi matabwa kapena malata amene anadyeka kalekale, pamwamba pake n'kumera udzu. Pamene nthaka yalowa ngati mbale, kapena pamene udzu uli wobiriwira pakati pa udzu wouma, gogodani ndi ndodo ndipo muzikepo nthambi kuti ana aone. Mukatero yang'anani makoma. Khoma limene lapendekeka, limene lili ndi mng'alu wochokera pamwamba mpaka pansi, kapena limene mizu ya kachere yalowa pakati pa njerwa zake, musaliyandikire. Imani patali mofanana ndi kutalika kwa khomalo. Malo oopsa kwambiri ndi pamwamba pa khomo ndi pa mawindo, chifukwa thabwa limene linkanyamula njerwa linadyedwa ndi chiswe ndipo njerwazo zangotsala zogwirana zokha. M'nyumba imene denga lagwa theka musalowe.

Kenako khalani chete mphindi ziwiri ndi kumvetsera. Njuchi zimakonda machumuni ndi mabalani, ndipo mudzazimva kapena kuziona zikulowa ndi kutuluka pa kabowo kamodzi musanafike pafupi. Mavu amamanga pansi pa mawindo. Mphiri sithawa munthu, imagona phee pa masamba ouma kapena m'mulu wa njerwa, n'chifukwa chake ana asatembenuze njerwa kapena lata ndi manja, ndiponso asapise dzanja m'bowo lililonse. Chipinda chamdima chonunkha ndowe za mileme chionereni pakhomo ndi tochi, osalowamo n'kutibula fumbi lake. Zidutswa za denga lotuwa la asibesitosi musaziswe kapena kuzipala, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo, ndipo madzi kapena matope a m'dipi yakale ana asawakhudze, popeza mankhwala ophera nkhupakupa a masiku amenewo anali poizoni wokhalitsa m'nthaka.

Mukamaliza, itanani ana ndi kuwapatsa malamulo atatu okha amene angawakumbukire: osakwera khoma, osathamanga, osachoka pamene munthu wamkulu akuwaona.

6. Phunzitsani ana kuwerenga bwinja.

Mwana mukangomuuza kuti aone nyumba yakale, amatopa pasanathe mphindi khumi. Mupatseni ntchito. Wina ayeze kutalika kwa khonde ndi mapazi, wina awerenge zipinda ndi kujambula mapu ake m'kope, wina afufuze kumene kunali khitchini, imene pa nyumba za azungu inkamangidwa payokha kumbuyo, pafupi ndi tizipinda ta antchito. Mdzukulu wanga wina ndi amene anazindikira yekha kuti chipinda chimodzi cha bwana chinali chachikulu kuposa tizipinda titatu ta antchito pamodzi, ndipo funso limene anafunsa agogo amene ankatiperekeza linatsegula nkhani ya thangata, ya momwe makolo awo ochokera ku Mozambique ankagwirira ntchito m'munda wa mzungu m'malo mwa lendi ya malo okhalapo, miyezi yomweyo imene minda yawo inkafuna khasu.

Mitengo imasunga mbiri kuposa njerwa. Mzere wa bulugamu kapena jakaranda umaonetsa pamene panadutsa msewu wolowera, khonje ndi nkhadze zimaonetsa mpanda, ndipo mango akuluakulu atazungulira malo oyera amatanthauza kuti pakati pakepo panali bwalo la mudzi. Onetsani ana kusiyana kwa matope omangira: dothi limafumbutuka, laimu ndi woyera ndi wofewa, simenti ndi yotuwa ndi yolimba, ndipo khoma limodzi likakhala ndi mitundu iwiri ndiye kuti nyumbayo inakonzedwapo kapena kuwonjezeredwa.

Wokuperekezaniyo mufunseni mafunso amene angayankhe ndi zimene anaona: munkagula chiyani m'sitolo muno, belu la ntchito linkalira nthawi yanji, denga linachotsedwa liti ndipo malata anapita kuti. Chaka chenicheni mwina sangachitchule, koma adzakuuzani kuti zinachitika napolo wa 1946 atadutsa kale, kapena chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma, ndipo inu mudzawerengera nokha. Ana amutchule kuti agogo, ndipo asamudule mawu ngakhale nkhani itapatuka.

7. Musatenge, musakumbe, musalembe pakhoma.

Phale, botolo lakale, msomali kapena ndalama yachitsulo zimene mwana watola azione, azijambule, n'kuzibwezera pomwe anazipeza. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba kapena kuchotsa zinthu zakale popanda chilolezo cha boma, ndipo mukapeza chinthu chooneka chofunika, uzani amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za malo ndi zinthu zakale. Zipatso za pabwinja nazonso zili ndi mwini, choncho pemphani musanathyole.

Kachitsamba kowirira ka mitengo yachilengedwe pakati pa minda yolimidwa kawirikawiri kamakhala manda. Kumanda sikulowedwa popanda amfumu ndi adzukulu, amene pano tikutanthauza anthu okumba manda ndi kuika maliro, ndipo simujambulako kapena kutolako nkhuni. Miyezi imene ndakuuzani kuti ndi yabwinoyi ndi yomwenso anyamata amakhala kuchinamwali pa tchuthi cha sukulu, kundagala kwa Ayao kapena kuthezo kwa Alomwe, ndipo misasa yake imamangidwa kutchire kufupi ndi mtsinje. Wokuperekezani akanena kuti njira iyi sitidzera, musafunse chifukwa pamaso pa ana, ingotembenukani.

8. Ngozi ikachitika.

Munthu akalumidwa ndi njoka, musacheke pabalapo, musayamwe, ndipo musamange mwendo mothina ndi lamba kapena chingwe. Mukhazikeni pansi, muvuleni nsapato, mphete kapena chibangili, mangirirani chiwalocho ku ndodo kuti chisagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita naye ku galimoto, osamuyendetsa. Thamangirani ku Zomba Central Hospital, kapena ku St Luke's ku Malosa ngati muli mbali imeneyo, osataya nthawi kusaka njokayo. Njoka ikalavulira m'maso, tsukani ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo apa ndi pamene chigubu chija chimagwira ntchito. Bala la msomali kapena lata ladzimbiri litsukeni bwino ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Njuchi zikabalalika, nyamulani ana aang'ono, phimbani nkhope ndi kuthawira kutali osaima.

9. Tsanzikani, ndipo mukapitirize nkhaniyo kunyumba.

Chokani pabwinja dzuwa likadali m'mwamba, cha m'ma 3 koloko, mutatola pepala lililonse ndi botolo lililonse. Dzerani kwa amfumu pamodzi ndi wokuperekezani kuti iye anene yekha kuti alendo ayenda bwino ndipo sanatenge kanthu, ndipo cholowa chake mumupatse monga munagwirizanirana. Musalonjeze mjigo, mpira kapena ntchito ya mwana wa munthu ngati simudzakwanitsa. Chimene ine ndimachita ndi kutsukitsa zithunzi ziwiri kapena zitatu m'tauni n'kuzitumiza kudzera kwa amene anandilowetsa m'mudzimo, ndipo poika zithunzi pa Facebook sinditchula mudzi kapena njira yake, kuopa kuitana ofukula.

Kunyumba, yang'anani ana nkhupakupa m'khosi, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo, ndipo zovala zimene zakhudza chitedze muzichape pazokha. Ngati agogo aja anatchula dzina la mzungu, la mmwenye kapena la esiteti, lilembeni m'kope usiku womwewo monga momwe analitchulira, chifukwa mayina ambiri otere anapotozedwa ndi lilime lathu ndipo mudzafunika kuliyerekeza ndi zolembedwa. Nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lino, National Archives, ili konkuno ku Zomba, ndipo mwana wa kusekondale angathe kupita nanu kukafunsa mafayilo a maesiteti ndi malipoti a ma DC. Zolemba zambiri za boma za zaka zoyambirira zinapsa pa moto umene unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919, choncho za nyumba yomangidwa chaka chimenecho chisanafike mudzadalira kwambiri zolemba za mishoni ndi zimene mwalemba m'kope lanu.